Mapadi Atsopano, Apongozi Kumbuyo

Mpaka lero kumudzi kwa akazi anga, kuseri kwa Bembeke, kuli anthu amene akandiona ndagwira sipanala amaitana ana awo kuti achoke mumsewu. Imeneyo ndi nsanje chabe. Mapadi a mabuleki aja ndinawamanga bwino, ndipo mukamva nkhani yonse muweruza nokha.

Zinali m'zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Ndinali kalaliki wa zankhalango m'munsi mwa Phiri la Dedza, komanso mkamwini yekhayo wokhala ndi galimoto m'mudzi monse (kagalimoto kotopa ndithu, koma kanali kanga). Chondisowetsa mtendere chinali chimodzi: apongozi anga aakazi. Mayi amenewa mwambo ankausunga osasiyako n'pang'ono pomwe. Tikakumana panjira iwo ankapatukira m'chimanga, ine n'kuyang'ana kumbali. Mawu athu onse ankadzera mwa mwana wawo Naphiri, amene ndi akazi angawo. Galimoto yanga anali asanaikwerepo, ndipo ndinamva mphekesera kuti ankati, "Akamwiniwo amangodziwa cholembera, khasu limawatupitsa manja. Ndiwapatse moyo wanga ine?" Mawu amenewa ankandiwawa, ndisaname.

Ndiye kunagwa ukwati wa mwana wa achemwali awo ku mishoni ya Bembeke, apongoziwo bondo litatupa. Wapansi sakanatha. Anavomera kukwera. Ndinasangalala ngati ndakwezedwa pantchito, koma mabuleki anali atayamba kulira ngati nkhumba yomangidwa miyendo. Mapadi, tizitsulo tija timene timafinya kuti tayala liime, anali atatha.

Kupita nayo kwa makaniko? Ayi ndithu. Ndinkafuna mudzi wonse uone kuti manja a cholembera amathanso zitsulo. Ndinakagula mapadi m'sitolo ya a Che Amidu paboma, ndipo tsiku loti mawa ndi ukwati ndinayala chiguduli pabwalo. Ndinatchinga matayala ndi miyala, kukweza jeke, kumasula manati, n'kutulutsa mapadi akale atapyapyala ngati lezala. Kenako ndinakankhira pisitoni, kachitsulo kokankha mapadi, m'kati kuti atsopanowo alowe, monga mmene ndinkaonera amakaniko akuntchito kwathu. Amuna a m'mudzi anandizungulira akugwedeza mitu. Ndinaonanso mpango wa apongozi ukusuzumira kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinayamba kuimba mluzu.

Pali kanthu kamodzi kamene ndinakadumpha. Amakaniko aja akamaliza ankalowa m'galimoto n'kumapondaponda buleki, galimoto ili chiimire. Ine ndinkati ndi ulesi, akungofuna kulawa mpando wa bwana. (Kumeneko ndiye kubweza pisitoni ija kuti ikhudze mapadi. Ndikudziwa tsopano, musandiuze.) Kuiyesa pamsewu sindinaiyese, chifukwa ndinali nditaitsuka kale ndipo sindinafune fumbi.

Kutacha, nkhungu ikadali phee, Naphiri anakhala kutsogolo. Apongozi anakhala kumbuyo, dengu la mapichesi pamiyendo, chitenje chitaphimba nkhope mbali ya kwa ine. Mudzi wathu uli pamtunda, ndipo msewu umatsetsereka mpaka pamlatho wa matabwa. Ndinaimikira dzanja anthu otiperekeza, n'kunyamuka mwaulemu.

Titayamba kutsika ndinaponda buleki. Phazi linangolowa mpaka pansi ngati ndaponda dzungu lowola.

"Bambo, chepetsaniko liwiro," anatero Naphiri.

"Ndikuchepetsa," ndinayankha, thukuta lili kamukamu m'kuzizira konse kuja.

Kumbuyo kunamveka mawu odekha. "Naphiri, uwauze amuna akowo kuti ukwati suthawa."

Ndinakoka handibuleki, koma imeneyo inali itakhala yokongoletsa kuyambira kalekale. Mitengo ya paini inayamba kudutsa mothamanga.

"Naphiri! Uwauze aime!"

"Akuti muime!"

"Auzeni kuti ndamva!"

Taonani anthu aulemu ife: imfa ili pafupi, koma uthenga ukudzerabe mwa mkhalapakati.

Pamlatho paja panali achinyamata achipani atapingasa mtengo, akufunsa makadi kwa anthu opita kuukwati. Wamkulu wawo anakweza dzanja monyada kuti tiime. Ataona mmene tinkabwerera, dzanjalo linatsika lokha, ndipo onse analumphira m'bango. Anthu amene mudzi wonse unkawaopa, tsiku limenelo anathawa ine.

Mwendo wanga unayamba kunjenjemera pabulekipo, kuponda, kusiya, kuponda, kusiya. Sinali nzeru, anali mantha. Koma ndinamva buleki ikuyamba kulimba pansi pa phazi. Nthawi yomweyo manja awiri anandigwira kolala kuchokera kumbuyo, mpweya wotentha uli m'khutu mwanga.

"Mwana wanga, ima! Ima, mwana wanga, ndakupempha!"

Ndinaponda ndi mphamvu zanga zonse, ndipo mapadi anga anagwira. Abale anga, anagwira! Galimoto inaima nji, mphuno itatsala pang'ono kununkhiza mtengo uja. Mapichesi anauluka n'kudzaza kutsogolo konse, chibwano cha apongozi chili paphewa langa.

Achinyamata aja anatuluka m'bango matope ali mpaka m'chiuno, ndipo wamkulu uja anati, "Ma... makadi."

Apongozi anamasula mfundo ya chitenje, n'kumuonetsa khadi lawo mwaulemu wonse. Kenako anati, "Mwaliona, bambo? Tsopano thokozani mwana wangayu. Akanakhala dalaivala wina, bwenzi lero tikuimba nyimbo za maliro m'malo mwa za ukwati."

Kuukwati nkhani inali ya ine. Apongozi ankauza aliyense, akutsimphina gulu ndi gulu, kuti mkamwini wawo anaimitsa galimoto yoduka mabuleki ndi phazi lake lokha. Naphiri ankandiyang'ana ndi diso lija la munthu wodziwa zoona, koma anandisungira ulemu. Inenso sindinaone chifukwa chotsutsira munthu wamkulu pagulu.

Pobwerera apongozi anatsegula okha chitseko chakutsogolo, Naphiri n'kupita kumbuyo. Anakhazikika, kundiyang'ana m'maso koyamba chikwatirireni mwana wawo, n'kuyamba: denga langa likudontha, ana ndimawalekerera, mizere ya m'munda mwanga ndi yokhota, ndipo malaya amene ndinavala tsiku lachinkhoswe sanawakonde. Zonse zimene anasunga zaka zonsezo anandipatsa ndekha, popanda wodzeramo.

Choncho inu omanga mapadi pakhomo, popani buleki musananyamuke. Ine ndinapeza ulemu umene ndinkaufuna, ndipo sindidandaula. Kungoti kuyambira tsikulo apongozi sanasiyenso kundilankhula, ndipo mapadi a zimenezo a Che Amidu sagulitsa.