Ndidzauitana Ukafunika

Lolemba

Pulogalamu yanga yolembera malipoti a ana ikuchedwa kutseguka. Ahedi akuiyatsa pa laputopu yanga, akupita kukalasi, akubwerako, idakaganizabe! Vuto ndaliona: ikamadzuka imayamba yaitana mamodyulo onse, timapulogalamu tothandizira tija tolembedwa kale ndi ena. Nzeru yanga: modyulo uliwonse uziitanidwa pokhapokha wafunika. Lachisanu titseka sukulu mwaulemu.

Lachiwiri

Ikutseguka ngati kuphethira! A Phiri, achiwiri kwa ahedi: "Aphunzitsi, tauni yathu ya Sinda yakuchepelani." Ndikuikopera pa kompyuta ya m'chipinda cha aphunzitsi, pomwe sinakhalepo. Yatseguka osadandaula. Ndikuyenda modzimva.

Lachitatu

Kuchedwa kuja sikunathe, kwangosamuka. Ukadina batani losunga mamakisi m'pamene ikuima. A Zulu a masamu aona zii, adina kasanu ndi kawiri. Tsopano giledi 8 ili ndi a Misozi Tembo asanu ndi awiri, onse nambala wani.

Lachinayi

Ntchito za lero:
kufufuta a Misozi asanu ndi mmodzi
kumata pepala: DINANI KAMODZI, CHONDE
kuyesa pulinta (mawa m'mawa, nthawi ilipo)

Lachisanu

Makolo adzaza pansi pa mtengo wa mango, njinga mbwee. Ndikudina "sindikiza". Mawu ofiira! Modyulo wosindikizira mulibe m'kompyuta muno. Kale ikanakana kutseguka Lachiwiri lomwe, ndikanadziwa. Pano yakhala chete sabata yonse, yadzaululira pamaso pa anthu. Netiweki yoti ndiutsitse palibe. Laputopu yanga ili kunyumba, ndinati ndidzaitenga ikafunika.

Tikulemba pamanja tonse, ndi ahedi omwe. Ahedi sakundiyang'ana. Bambo wina wachikulire, wapalasa kuchokera kufupi ndi Mkaika, wasuzumira pawindo: "Musathamange aphunzitsi, lembani bwino. Mwana wanga wakhoza, ndikufuna ziwerengeke." Ndatsala pang'ono kulira pa lipoti la mwana wakeyo.

Loweruka

Chala chatupa. Modyulo wa pa laputopu wakana kugwira pa kompyuta ya sukulu. Minibasi mpaka ku Katete, kusaka netiweki. Modyulo uja watsika ndisanamalize n'komwe kudya chitumbuwa.

Lamulungu

Potuluka m'tchalitchi ndapempha kiyi kwa alonda. Mamodyulo onse ndawabwezera pamwamba, aziitanidwa ikangodzuka, momwe analili. Ichedwe, bola izinena mavuto ake poyambirira. Ndadina. Malipoti akutuluka oyera, mizere yowongoka, okongola zedi. Eni ake ali kale kumidzi, akukumba mtedza.