Ndinadzijeda Ndekha Nditavala Duku

Anzanga, mantha si chinthu. Ine cholinga changa chinali chabwinobwino: kukhala phee, osakangana ndi munthu, osaponda pamowa, mpaka abale a Tiwonge andivomere. Tiwonge ndi mtsikana wa ku Mchengautuwa amene ndinkafuna kumanga naye banja, ndipo Loweruka la sabata imeneyo ndinkayenera kukaonekera kwa makolo ake. Koma inali nthawi ya matipate ija, tikudikira riferendamu, pamene munthu ukafuna kutsokomola unkayamba wacheuka kuti uone amene akumve. Tsono ine, ndi kuyabwa kwanga kuja, ndinali nditaimika zala ziwiri m'mwamba, chizindikiro cha ofuna matipate, pabwalo la bawo, anthu akuona. Kuyambira pamenepo aliyense wovala jekete ndinkamuyesa kazitape.

Masana ena ndikusuzumira pawindo la nyumba imene ndinkachita lendi ku Chibanja, ndinangoona galimoto yaima pansi pa mtengo wa mapeyala, moyang'anizana ndi khomo langa. Osati galimoto wamba ayi: yakuda bii, yamphuno yaitali, zitseko ziwiri zokha, zitsulo zakutsogolo zikuwala ngati masupuni atsopano. Mu Mzuzu monse ndinali ndisanaionepo. Ndani angalowetse chinthu chotere mumsewu wathu wamatope uja, ngati si boma?

M'katimo munali mdala wa chipewa ndi magalasi akuda, atakhala kumanzere, mbali ya pasenjala. Kumanja, kumene tonse timadziwa kuti kumakhala dalaivala, kunalibe munthu. Ndinati basi, bwana watsala m'galimoto, dalaivala watsika, akuzungulira nyumba yanga. Kunadutsa wogulitsa makala, ine nkuti ndi yemweyu, makalawo ndi chiphamaso chabe. Kunadutsanso bambo wina atakwapatira Baibulo, ine nkuti taonani mmene achenjerera anthuwa!

Munthu wanzeru akanangokhoma chitseko nkugona. Ine ayi. Ndinaganiza zothawira kwa mnzanga ku Salisbury Lines, koma njira yotulukira inali imodzi, yodutsa pagalimoto pomwepo. Kuseri pachingwe panali chitenje ndi duku za mayi eni nyumba. Ndinadzikulunga chitenje mpaka kumapazi, duku mpaka m'zikope, ndowa pamutu, ulendo, ndikudzigwedeza mmene ndinkaganizira kuti ndimo amayendera azimayi.

"Monire, mama!"

Anali mdala uja, atatsitsa galasi. Ndinapinda mawondo mwaulemu nkutulutsa kamawu kangati ka mwanawambuzi: "Yewo, adada."

"Mundithandizeko, mama. Mnyamata wa ku Dedza wakukhala nyumba iyo, mukumudziwa? Ni munthu wotani?"

Apa mutu wanga unagwira ntchito mwachangu, tsoka lake unagwira chakumbuyo. Ndinati boma limasaka anthu anzeru, chidakwa silitaya nacho nthawi.

"Ameneyo? Iii, adada, musadzivute. Chidakwa chotheratu! Za ndale sadziwa kanthu, iye ndi kachasu basi. Dzulo lomweli tamutola m'ngalande."

"Nadi, mama?"

"Ngakhale mutu sugwira bwino. Ndipo akusamuka, akubwerera kwao. Kuli mkazi ndi ana, atopa nkumudikira."

Mkazi ndi anawo sindikudziwa kumene ndinawatenga, anangotuluka okha m'kamwa. Mdala anapukusa mutu mwachisoni nkunena kuti, "Yewo chomene, mama, mwatiwombola." Kenako injini inalira, galimoto nkunyamuka, dalaivala asanabwere! Nditasuzumira ndinaona kuti chiwongolero chili kumanzere, m'manja mwa mdala yemweyo. Zinandidabwitsa pang'ono, komabe ndinabwerera kunyumba ndikudziguguda pachifuwa kuti ndapusitsa boma.

Loweruka lija, suti itasitidwa, nsapato zikunyezimira, ine ndi ankhoswe anga tinafika ku Mchengautuwa. Ndikuti ndiyang'ane pabwalo la makolo a Tiwonge, galimoto ija ndiyo iyo, yakuda bii, mdala uja akuipukuta ndi kansalu ngati akusambitsa khanda. Tiwonge anandikokera pambali, maso ali psuu.

"Awo ndi asibweni, amalume anga. Anabwera kwanu kudzafufuza za iwe. Wandinamiziranji?"

Ndinadzamva pambuyo pake kuti mdalayo anali atangobwerako ku migodi ya ku Zambia. Galimotoyo inali ya ku Jeremani, yopangidwa nkhondo yaikulu itangotha, ndipo kumeneko chiwongolero amaika kumanzere. Anaigula kwa mzungu wina ili yakutha ndi dzimbiri nkuikonza yekha kwa zaka zambiri, akuti zoterozo zatsala zowerengeka padziko. Sankaitulutsa mwachisawawa, koma pa nkhani zikuluzikulu zokha, monga yofufuza mkamwini.

Titakhala m'nyumba, asibweni sanazungulire ayi. "Mwana wathu sitingamupereke kwa chidakwa chosiya mkazi kumudzi. Mama wina woopa Chiuta, woyandikana nayo nyumba, wandiuza zonse."

Inu mukanasankha chiyani? Kukhala chidakwa nkutaya Tiwonge, kapena kuvomera kuti mayi woopa Mulunguyo ndi ine? Ndinayang'ana Tiwonge akusisima pakona, mtima unandipweteka, ndinaimirira.

"Mayi aja ndinali ine."

Ankhoswe anga anayamba kuyang'ana kudenga ngati sakundidziwa. Ndinafotokoza za zala ziwiri zija, za dalaivala wosaoneka, za duku. Asibweni anavula magalasi nkundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Imwe? Yayi, mukufuna kutipusitsa. Mama yura anali ndi mawu okoma chomene. Ngati ndimwe nadi, tayankhulani timve."

Anzanga, ndili m'suti, pamaso pa apongozi ndi azakhali onse, ndinapinda mawondo nkulira kuti, "Iii, adada, ameneyo ndi chidakwa chotheratu!"

Nyumba inaphulika ndi phwete. Apongozi aakazi anachita kutsetsereka pampando. Asibweni, akupukuta misozi, anagamula: "Mupatseni mwana. Mowa sakumwa, mkazi alibe. Vuto lake ni uchitsiru basi, ndipo uchitsiru ukanakhala woletsa ukwati, tonse muno tikanakhala mbeta."

Tiwonge ndili naye mpaka lero. Koma ndinalumbira kuti mlendo akadzandifunsanso za ine, kaya ndi wa boma kaya ndi wakumwamba, ndidzadziyamikira mpaka atatopa. Bola kumangidwa!