Malowolo a Jenerale

Pulani inabadwira m'shabini ya ku Masasa mu Mzuzu, ndipo monga mapulani onse obadwira pa masese, inabadwa ili ndi mano kale. Mwini wake anali Blackson, amene ankadzitcha Jenerale ngakhale asilikali ake anali awiri okha: Davie Netiweki, wodziwa nkhani zonse kupatula zoona, ndi Timothy Sipeya, amene ankangomutenga poti katundu wina amafuna anthu atatu.

Jenerale zinali zitamuthina. Mwana wa ku Mulanjeyu anagwa m'chikondi ndi Dinah wa ku Mchengautuwa, koma bambo a Dinah anamuuza mosapsatira kuti kuno kumpoto mwana wamkazi satuluka pakhomo ng'ombe isanalowe. Anamupatsa mpaka Lamulungu madzulo. Kupanda apo, panali mphunzitsi wina amene ankazungulirazungulira pakhomopo ndi njinga yamoto.

"Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, aise," anatero Jenerale akupukuta masese kundevu. "Ena amapereka ting'ombe toonekera nthiti. Ine ndipereka Catherine."

Catherine inali ng'ombe yamkaka yamawangamawanga ya a Hudson Mzumara ndi akazi awo a Winifred ku Lupaso. Banjali linakalambira m'khola. Ena amalalikira za kumwamba, iwo ankalalikira za mkaka, paukwati, pamaliro, ngakhale mu minibasi. Ana a ng'ombe zawo ankawagawira alimi pa pangano loti ikaswa, mlimiyo nayenso apatse mnzake mwana wake.

Lamulungu m'mawa, eni ake ali kutchalitchi, asilikali anafika ndi kalole ka nkhuni kobwereka. Sipeya anakuwa Catherine ngati ng'ombe yapangolo. Catherine, amene chibadwire udzu unkamupeza m'khola momwemo, anangomuyang'ana ngati bwana akuyang'ana mesenjala. Anakwera atamunyengerera ndi madeya, ndipo anamufunditsa neti ya udzudzu kuti asadziwike.

Ku Masasa anazula chitseko cha chipinda cha lendi cha Jenerale, bedi n'kulitulutsa panja, mlendo n'kulowa. Jenerale anatumiza uthenga kwa apongozi kuti abwere adzaone ndi maso awo.

Dzuwa litapendeka, nthawi yokama inakwana. Catherine analira mpaka malata ananjenjemera. Kutsidya ng'ombe ina inayankha, kuseri kwa chigayo inanso, kenaka Masasa yense anangoti mooo, poti onsewo anali ana ndi zidzukulu zake. Amayi anayamba kufika ndi mabotolo. Netiweki anaima pakhomo n'kuwauza kuti ndi amalume akudwala dzino.

"Yewo chomene," anatero mayi wina osasuntha. "Amalumewo akachira mutigaireko ka lita."

M'katimo bere linali litatupa, mkaka ukudontha wokha. Sipeya anakoka ngati akuimba belu la tchalitchi, ndipo chiboda chimodzi chinamukhazika m'beseni. Apa Jenerale mantha anamugwira zenizeni. Ng'ombe ikafa, Dinah wapita, ndipo mtima wake unkamva kale kulira kwa njinga yamoto ija.

Amene anawapulumutsa, kapena tinene kuti amene anawamaliza, ndi Netiweki. Anaona kapulasitiki kachikasu pakhutu la ng'ombe, kolembedwa nambala ya foni ndi mawu oti ikavuta imbani.

"Mani, ng'ombe zachizungu zili ngati mafoni," anatero monyadira. "Iyi ndi kasitomala keya ya kampani yake."

Jenerale anaimba ndi mawu a munthu wachuma. Mkulu amene anayankha sanafunse n'komwe dzina. Anangofuna kudziwa kuti yakamidwa liti komanso ili kuti, ndipo Jenerale analongosola njira bwinobwino mpaka mtengo wa mapeyala wapakhomo.

Posakhalitsa mdala wina anatsika panjinga atanyamula ndowa, madzi ofunda ndi kansalu. Anapereka monire kwa onse, n'kupita kukakumbatira khosi la Catherine, amene anangoti zii. Kenaka anakhazika Jenerale pachitini, namuphunzitsa kutsuka bere ndi kufinya mofatsa kuyambira chala chapamwamba. Mkaka unayamba kuimba mu ndowa. Kunena zoona, Jenerale anasangalala ngati mwana, chifukwa m'moyo wake wonse manja ake anali asanatulutsepo chinthu choyera chonchi.

"Madala, ndinu shasha," anatero. "Mukuidziwa ngati yanu."

"Ndinaibadwitsa ndine, dada," anayankha a Mzumara. "Musasiye, bere lakumbuyolo likadali."

Jenerale atacheuka, anaona mayi Winifred ali pakhomo ndi apolisi awiri. Netiweki ndi Sipeya anali atakhala kale pansi, nsapato zili m'manja. Wapolisi wina anatulutsa unyolo, koma a Mzumara anakana kwamtuwagalu, nati mkaka ukatsalira m'bere ng'ombe imadwala, choncho boma lidikire. Boma linakhala pabedi lija panja n'kudikira.

Mzuzu sanaonepo kukama kochedwa ngati kumeneko. Jenerale ankafinya dontho limodzi n'kupuma, poti ankadziwa kuti bere likauma, tsiku la fote lakwana. Ali chomwecho, apongozi anatulukira atavala jekete, Dinah ali pambuyo. Bambo a Dinahwo anasuzumira m'chipindamo, n'kuvula chipewa mwaulemu.

"Awa ndi amake a ng'ombe yanga," anatero motsitsa mawu.

Jenerale anayang'ana Dinah ndi maso opempha chifundo, manja akadali kubere. Dinah anayang'ana iye, anayang'ana ndowa yodzaza thovu, kenaka anabwereka botolo kwa mayi uja wa ka lita.

"Mama Winifred, ndithirireniko wa tiyi," anatero. "Kunyumba tasiya aphunzitsi akudikira."