Galimoto Yoima ndi Nangula

Inu mwavala jekete inu, mukuoneka kuti sukulu munapita nayo patali, ndiye ndiyambe ndi inu. Munamvapo kuti galimoto, ya matayala anayi, yaima ndi nangula ngati boti? Musapukuse mutu. Minibasi sibwera msanga, khalani pansi. Zimene ndikuuzenizi ndi zoona zokhazokha, kupatula bodza limodzi laling'ono lomwe ndathiramo ngati mchere. Mukaligwira ndisanamalize, ndiye kuti aphunzitsi anu sanadye zaulere.

Kumunsi kuno, kunjira yotsetsereka yopita kudooko ija, kumakhala mkulu wina dzina lake Ramsey. Anakhalako ku Joni, ndipo pobwera anatiuza kuti ankagwira ntchito m'galaja. Sananame. Ankatsuka galimoto zimene amakanika amaliza kukonza. Koma mukamumva akulankhula pabawo, mungati injini zonse za ku Joni zinkamupatsa moni.

Galimoto imene ankayendetsa, Siyenta yoyera, sinali yake. Inali ya mkazi wake, mayi Fainess, amene anaigula ndi geni yawo ya mpunga. Ramsey anali wa makiyi basi. Koma makiyiwo, abale anga, ngakhale popita kuchimbudzi ankawazunguza pachala kuti aliyense aone. Vuto linali loti ukatswiri wake anali atauyesapo kale pagalimotoyo. Atakonza hutala, nyali zinazima. Atakonza nyali, hutala inayamba kulira yokha akakhotera kumanzere.

Ndiye mabuleki atayamba kulira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, mayi Fainess anamuitana.

"Bambo a Esitere, Loweruka galimoto iyi inyamula mkwatibwi, mwana wa achemwali anga. Ine ndikupita ku Mwadzama kukathandiza zokonzekera, ndibwera Lachisanu madzulo. Mupite nayo kugalaja."

"Galaja yanji, mayi? Anyamata ajatu sipanala ndinawagwiritsa ndine."

"Ndati kugalaja. Mukaigwiranso ndi manja anuwa, makiyi ndipereka kwa achimwene anga a Tedson. Inu mubwerere panjinga yanu ija."

Tedson ameneyu ndi Ramsey sankamwerana madzi. Zoti mlamu wakeyo azizunguza makiyi aja pachala, Ramsey sankafuna n'kuziganiza komwe. Koma kupita kugalaja nakonso, anthu apabawo akanati chiyani? Katswiri wa ku Joni wakaima pamzere kwa tiana ta maovolosi ong'ambika?

Mayi atangokwera, Ramsey anaimbira mnzake woyendetsa minibasi ya ku Salima kuti amugulire madisiki awiri, zitsulo zozungulira zija zimakhala kuseri kwa tayala. Mapadi, tizidutswa timene timaluma disikiyo galimoto ikamaima, anagula pompano pamsika. Katundu wa ku Salima anafika Lachisanu m'mawa, ali m'makatoni okongola. Ramsey sanatsegule n'komwe. Anatsegula foni, n'kupeza kanema wa mzungu wina akusintha mabuleki m'galaja yoyera ngati chipatala. Anaonera, akugwedeza mutu ngati akumuyesa mayeso mzunguyo. Chakumapeto bandulo inatha. Mzungu anauma pomwepo, kukamwa kuli yasa, chala chili m'mwamba, ngati munthu amene akufuna kunena chinthu chachikulu.

"Zotsalazo ndi zotsanzikana basi," anatero Ramsey, n'kuika foni m'thumba.

Jeke inali imodzi. Anakweza mbali imodzi n'kutchinjiriza ndi mtondo wa mayi, mbali inayo n'kusiya pajeke. Madisiki akale anali atamatirira ndi dzimbiri, ndiye poti mtondo unali kale pantchito, anatenganso musi. Anamenya mpaka onse awiri anagwa pansi.

Nthawi yomweyo kunadutsa Usman, msodzi wa kudooko, nkhafi ili paphewa.

"Achimwene, chitsulo ichi mutaya? Nangula wanga anadukira kumathiriro a mtsinje wa Bua, moti pano ndikungomangirira mwala."

"Tenga, tenga. Zinyalala zimenezo. Ife timaika zatsopano."

Usman asanapite patali, anatulukira a Layson, mkulu wa mpingo umene mayi Fainess amaimbako kwaya. Anaima, n'kugogoda disiki yotsalayo ndi ndodo yawo. Inalira bwino.

"A Ramsey, belu lathutu linang'aluka."

"Nyamulani, abambo. Lamulungu mulengeze kuti ndi chopereka cha banja la a Ramsey."

Atapita onse, ndi pamene munthu wamkulu anatsegula katoni. Disiki yonyezimira, yoti n'kumetera ndevu. Anainyamula, n'kuilozetsa pamabawuti. Inakana. Anaizunguza. Inakana. Anaitembenuza, anaipukuta, anaiyankhula Chizulu. Kenako anawerenga. Galimoto ili ndi mabawuti anayi, disiki ili ndi mabowo asanu, ndipo palibe ngakhale awiri ofuna kugwirizana.

Anaimbira mnzake uja.

"Aise, wandigulira chiyani?"

"Za Siyenta. Siyenta ndi Siyenta, aise. Bowo linalo ndi banyira." Foni n'kudula.

Inu, tamverani. Dzuwa likukwera, Salima ndi kutali, galimoto yakhala pamtondo, mabuleki ake amodzi apita kutchalitchi, ena apita kunyanja. Ramsey ananyamula disiki yatsopano imodzi, liwiro la kutchalitchi.

Anapeza a Layson atapachika kale chitsulo chija mumtengo wa mango.

"Abambo, ndaganiza bwino. Mulungu sitingamupatse chakutha. Ndabweretsa chatsopano, chakalecho ndipatseni."

"Chopereka sichibwerera, a Ramsey. Komabe tiyeni timve mawu ake."

Anapachika chatsopanocho pambali. Anamenya chakale: ngeee. Anamenya chatsopano: nge. Anabwereza. Anapendeketsa mutu, n'kubwerezanso. A Layson ndi munthu wosapupuluma, ankafuna chilungamo pakati pa zitsulo ziwirizi. Chimene onse awiri anaiwala ndi choti belu likalira Lachisanu m'mawa, kwathu kuno ndiye kuti kwagwa zovuta. Posakhalitsa amayi anayamba kufika, mipango ili kumutu, ena atayamba kale kulira chapansipansi kuti mawu atseguke.

"Watisiya ndani, abambo?"

"Palibe, amayi. Tikuyesa belu."

Pagulupo panali mayi Nester, mnzawo wa mayi Fainess wa ponda apa nane mpondepo. Iwo sanafunse za maliro. Anayang'ana manja a Ramsey, akuda bii ndi girizi. Anayang'ana chitsulo chakale chija, chimene a Layson anali atayamba kumasula kuti phokoso lithe. Kenako anapisa m'chitenje, n'kutulutsa foni, n'kupita kuseri kwa tchalitchi. Ramsey anaona zonsezo. Analanda disiki yakale ija, miyendo n'kuiuza kuti lero ndi lero.

Kudooko anapeza Usman ali pamadzi, chapafupi ndithu, bwato litaima nji pa nangula watsopano. Ramsey anakuwa. Usman anangomubayibitsa. Ramsey anabadwira m'mbali mwa nyanja momwe muno, koma madzi amawadziwira m'beseni. Tsiku limenelo analowa ndi nsapato zomwe, mpaka m'khosi.

"Usman, m'bale wanga, nangulayo ndibwezere."

"Si munati zinyalala?"

"Ndikupatsa watsopano, wa m'katoni. Ali kunyumba."

Usman anaganiza kaye, Ramsey akumwa madzi pang'onopang'ono.

"Chabwino. Koma ndikamuone ndi maso anga. Komanso mukamaliza mundikweze galimotoyo kuchokera kwanu mpaka padooko pano. Anthu andioneko nditakhala kumbuyo ngati bwana."

Anabwerera kunyumba awiriwiri, Ramsey akudontha madzi, Usman atanyamula chingwe chake. Disiki ya kunyanja inali ndi matope ndiponso kafungo ka nsomba. Ya kutchalitchi inali ndi zipsera za kuyesedwa mawu. Ramsey anazipukuta ndi malaya, n'kuzibwezera m'malo mwake. Mapadi atsopano anali onenepa, osalowa, ndiye kachitsulo kamene kamawakankha anakabweza m'kati ndi mpini wa khasu, monga anachitira mzungu uja, kungoti mzunguyo analibe khasu. Analowa. Anamanga matayala, anatsitsa galimoto. Mtondo unali utang'aluka, anaubisa kuseri kwa bafa.

Nthawi yonseyi Usman anali pansi pa mtengo, akumangirira chingwe pa disiki yonyezimira ija. Atalowa m'galimoto, anakhala kumbuyo, nangula pamiyendo, ndipo nsonga ina ya chingwe anaimanga kumwendo wa mpando. Sanaganize n'komwe. Manja a msodzi amangochita okha zimenezo.

Handibuleki ya galimoto imeneyi inafa kalekale, ankaimika ndi mwala. Ramsey anachotsa mwala, analiza injini, n'kulowa mu njira yotsetsereka ija, chigongono chili pawindo. Liwiro litayamba kukoma, anati apondeko buleki pang'ono. Phazi linangopita mpaka pansi ngati waponda nthochi yakupsa.

Chala cha mzungu chija, abale anga, chinkafuna kunena izi: ukasintha mapadi, usanasunthe galimoto, uyambe wapopa buleki kangapo mpaka ilimbe. Nkhani yake ndi yomweyo basi. Koma Ramsey sanapope. Anakanikiza phazi pansi, n'kuliumitsa pomwepo, n'kuyamba Atate Wathu. Kumbuyo Usman anayamba yake ya Chiarabu. Galimoto inamva mapemphero onse awiri, n'kuwonjezera liwiro.

Pakati pa chitsetso anakumana ndi njinga yamoto. Woyendetsa anali Tedson. Kumbuyo kwake, atakhala chammbali, nkhope ili gwa, mayi Fainess. Foni ya mayi Nester inali itagwira ntchito yake, moti anali atazungulira kale kudooko kumufunafuna. Mayi anakweza dzanja kuti imani. Ramsey anakhotera kumanzere kuti awalambalale, hutala n'kulira yokha, pipiii, ngati akuwapatsa moni. Poti zinali zitachitika kale, anawabayibitsanso.

Kutsogolo kunali mathandala a usipa, amayi ogula nsomba, kenako nyanja. Amayi anabalalika, mabeseni m'mwamba. Usman anaona madzi akubwera, ndipo mutu wake unamuuza chinthu chimodzi chokha chimene umadziwa chombo chikakana kuima. Anakoka chitseko, anati "Bisimilahi," n'kuponya nangula.

Disiki inadumphadumpha m'fumbi, ikunyezimira, chingwe chikutha. Kenako inalowa pakati pa mizu ya kachere wamkulu uja amakhala asodzi posoka maukonde. Chingwe chinati nga. Mpando unabwerera m'mbuyo ndi Usman yemwe, chipumi cha Ramsey chinapsompsona chiwongolero, galimoto inatembenuka chammbali, n'kuima. Matayala akutsogolo anali mumchenga wonyowa, timafunde tikuwanyambita.

Usman anatuluka, anapita pachingwe, anachikoka pang'ono.

"Wagwira," anatero. "Nangula wabwino uyu, achimwene."

Njinga yamoto inafika. Mayi Fainess anatsika mosapupuluma, anakonza chitenje, anazungulira galimoto yawo. Anayang'ana chingwe kuchokera kumpando mpaka kumtengo.

"Bambo a Esitere, galaja yake ndi imeneyi?"

"Timayesa mabuleki, mayi."

"Nanga chingwechi?"

"Ku Joni amatero. Poyesa pamafunika chitetezo."

Tedson anasuzumira m'kati, analowetsa mwendo, anapopa buleki kangapo. Inalimba gwa.

"Alamu, mabulekitu alipo. Mumawasungira mawa?"

Apa mayi Fainess anayang'ana mwamuna wawo, wonyowa, wopanda malaya, chotupa chili pachipumi, makiyi atawafumbata ndi manja awiri ngati mwana wa nkhuku. Anayesa kulimba, koma zinakanika. Anaphulika kuseka mpaka kukhala pansi pamchenga. Anati mwamuna wolowa m'nyanja mpaka m'khosi chifukwa cha galimoto yawo sangamulande makiyi. Loweruka Ramsey ananyamula mkwatibwi, hutala ikulira paliponse pokhotera kumanzere, anthu n'kumati ndi chisangalalo.

Eya, bwana wa jekete, bodza lija mwaligwira? Mwati nangula? Ayi. Pitani kudooko mukaone mizu ya kachereyo, chipsera chilipo mpaka lero. Belu? Lamulungu mudzamve nokha, limalira nge, ndipo a Layson amadandaulabe.

Bodza ndi lomalizali. Mayi Fainess sanaseke. Anangotambasula dzanja, ndipo mkwatibwi ananyamulidwa ndi Tedson. Ndinakometsa dala chifukwa ndinaona Ramsey mwiniwake watulukira pakona apo, ndiye ndinati mwina mphepo imufikitsira mawu. Ndi uyo akutsetserekayo, wa njinga, thumba la madeya kumbuyo, kakiyi ka loko kali pachala. Musamuyang'anitsitse. Komanso tasunthirani kuno pang'ono, mabuleki a njingayo anakonza yekha.