Pasiwedi ya pa Shedi ya Tiyi

Lolemba
Ndayamba ntchito yatsopano: wosunga tabuleti, kakompyuta ka m'manja, pa shedi yoyezera tiyi. Zaka zonsezi dengu kumsana, msana unatha. Lero ndili ndi mpando.

Kwabwera mayi injiniya ochokera ku Blantyre. Akuti makilo a othyola sakhalanso m'buku, azikhala ku klaudi, makompyuta a kutali kumene ine sindidzafikako. Ajambula zipata zitatu pa katoni:
1. Foni ya wothyola: kungoona makilo ake basi.
2. Tabuleti yanga: kulemba makilo.
3. Nkhokwe ya mayina onse: imamvera chipata chachiwiri chokha.

Ndamva msanga. Ndi mmene esiteti ilili: wothyola kwa kapitawo, kapitawo kwa abwana, palibe kudumpha.

Andinong'oneza pasiwedi ya chipata chachiwiri. "Bambo, iyi ndi yanu nokha. Loweruka ndibwera kudzayesa kuthyola mpandawu. Ndikalowa, mpando muusiya."

Lachiwiri
Malamulo anga:
Pasiwedi m'mutu, osalemba paliponse, ngakhale muno.
Tabuleti m'majumbo awiri.
Polowetsa pasiwedi, kudzifunditsa chitenje cha akazi anga, amake Esinati.

Chitenjecho chikugwira ntchito, koma m'kati mukutentha. Amayi a pamzere akuti, "Achimwene, mukamaliza kuyamwitsa mutiyezere." Aseke. Iwo sadziwa za zipata.

Lachitatu
Abwana manejala aima ndi galimoto pa shedi. Satsika. Akuti ndiwapatse pasiwedi aziona makilo ali kunyumba. Nditulutsa katoni ija, ndiyamba kufotokoza chipata choyamba. Andidula: "Pa geti ya esiteti amandifunsa chiphaso ine?"

Samawafunsa.

Pasiwedi ndiinena chapansipansi, manja kumbuyo. Injini ikulira, sakumva. Ndibwereza mokweza, mzere wonse ukumva. Abwana auza a Jafali, dalaivala wawo, kuti alembe. A Jafali alibe pepala. Atsika, alemba ndi chala pa fumbi la chitseko chakumbuyo. Zilembo zazikulu, zooneka bwino. Anaphunzira kuposa ine.

Sindinadye masana.

Lachinayi
Galimoto yapita ku Thyolo Boma m'mawa, masana ku Goliati. Pasiwedi ili kumbuyo, ikuyenda ulendo.

Ikubwerera, ndithamangira ndi chiguduli. A Jafali andigwira mkono: "Musakhudze, akulu. Abwana sanaikopere."

Ndikupempherera mvula. Thyolo yemweyu, amene chiperoni chimativunditsira zovala pa chingwe, sabata ino kumwamba kuli mbee!

Chitenje ndikufundabe. Lamulo ndi lamulo.

Lachisanu
Zinthu zayamba kuyenda zokha m'tabuleti.
Mayi Nasibeko, amene ali kuchipatala chiyambire Lolemba, athyola kuposa gulu lonse.
Dzina la a kapitawo lasanduka Chimimba.
Wina walembetsa mbuzi yake. Nayonso ikuthyola bwino.

Ndifufuta, zibwerera. Ndifufutanso. Amayi a munda wa kumtunda aika pasiwedi m'nyimbo yothyolera, wina akutsogolera zilembo, ena akuvomera manambala. Sakulakwitsa ngakhale pamodzi. Ine ndinatenga masiku awiri kuti ndiloweze.

Amake Esinati akuti ndiuze mayi injiniya chilungamo. Amake Esinati sanaimepo pamaso pa abwana.

Loweruka
Mayi injiniya afika ndi laputopu ndi zingwe zambiri, okonzeka nkhondo. Chikwama sanatsegule n'komwe. Pasiwedi aiwerenga pa galimoto, panja pa ofesi, asanapereke ndi moni.

Atiitana m'kati. Akuti chipata choyamba ncholimba, chachitatunso ncholimba. "Nanga chapakati watsegula ndani?"

Abwana ayang'ana ine. Ine ndiyang'ana nsapato za abwana. Pawindo ndikuona a Jafali akutsuka galimoto ndi sopo wambiri, mofulumira.

Abwana akuti, "Vuto la anthu athuwa ndi sukulu."

Ndavomera. Ndapereka tabuleti, majumbo onse awiri. Chitenje ndabwera nacho.

Lamulungu
Mvula yagwa m'mawa. Yachedwa ndi masiku atatu.

Amake Esinati asoka lamba wa dengu, aikapo ndi kansalu pa phewa. Mawa ndili kumunda wa kumtunda, kwa oimba aja.

Pasiwedi yatsopano akusunga ndi abwana okha, akuti kuti chitetezo chikhwime. Potuluka m'tchalitchi ndapeza a Jafali akudikira abwana m'galimoto yoyera bwino. Andikwezera dzanja. M'chikhatho muli zolemba za bolopeni, zazikulu, zooneka bwino.

Ndayang'ana kumbali. Ine ndine wa chipata choyamba tsopano.