Filimu ya M'basi Mwanu ndi Bondo la Apongozi Anga

Chililalila,
Kabwe.

Kwa Bwana Mkulu wa mabasi a Tafika Kale,

Bwana wolemekezeka,

Poyamba mundikhululukire kalembedwe. Sukulu ndinalekezera giredi folo, choncho zilembo zina ndimangoziyerekeza. Mizere yapendamanso chifukwa dzanja langa lamanja silikundimveranso kuyambira tsiku lomwe linachimwa m'basi mwanu, pa mpando nambala 17. Kalata yoyamba ndinang'amba poopa kuti mukwiya, yachiwiri poopa kuti simukwiya. Iyi ndapereka kunyuzipepala chifukwa ku ofesi yanu anandiuza kuti muli pamsonkhano, ndipo msonkhanowo, Mulungu audalitse, tsopano uli m'sabata yachitatu.

Dzina langa ndine Zacheus Njobvu, womanga nyumba. Bambo anga anachokera ku Katete kudzagwira ntchito kunjanji. Ndine munthu wankhawa, bwana. Ndikakhoma chitseko ndimabwerera kawiri kukachigwedeza.

Kwathu mkamwini sacheza ndi apongozi ake aakazi. Sakhala nawo mpando umodzi, sadya iwo akuona, sawayang'ana kumaso. Ine ndasunga mwambo umenewu zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Tikakumana panjira ndimalowa m'chimanga, ndipo chimanga chikakololedwa ndimalowa m'ngalande. Chaka chino akubanja anagwirizana kuti ndapirira mokwanira. Anakonza phwando loti apongozi andipatse chakudya ndi dzanja lawo, ndiyambe kulowa m'nyumba mwawo ngati mwana wawo. Nkhuku zisanu ndi imodzi zinagulidwa. Mkazi wanga Felistas anasoketsa malaya a chitenje chimodzi, ake ndi anga. Phwando limenelo ndi lomwe filimu yanu yaimitsa.

Zinayenda chonchi. Apongozi anali ndi ng'ala m'maso, zaka zinayi akungoona utsi. Anakawapala ku Lusaka. Wokawatenga anayenera kukhala Felistas, koma anabinya phazi pachitsime, ndiye anatuma ine. Ndinakonza zoti iwo akhale kutsogolo kwa basi, ine kumbuyo kwenikweni. Kondakitala wanu, a Nkandu, anatipatsa 17 ndi 18. Nditadandaula anati, "Mudala, mipando ni iyi yatsala. Ngati simufuna, yendani na ndeke." Ndinaimika chikwama pakati pathu ngati khoma, ndinatembenukira kuwindo.

Popeza inu mumayenda pagalimoto yanu ya magalasi akuda, mwina filimuyi simunaionepo. Dzina lake lenileni palibe akulidziwa, anthu amangoti Ya Sofa. Muli amuna awiri, wonenepa Dilamu ndi woonda Pensulo, amene amakhala pa sofa wong'ambika pansi pa mtengo wa mango. Azakhali awo awatuma kukapereka mbuzi ku ukwati, tsidya lina la msewu. Iwo aikhazika mbuziyo pa sofa, pakati pawo, kudikira kuti mwina ukwatiwo udutsa pomwepo. Chilichonse chikachitika amayang'anana ndi kunena kuti, "Tikhaleko kaye." Nkhani yonse ndi imeneyo.

Tsopano ndikuthokozeni mwadongosolo.

1. Zikomo chifukwa chopachika tivi pamwamba penipeni pa mpando 17, komanso chifukwa chotaya rimoti ku Kapiri chaka chatha, kuti wina asatichepetsere mawu. Adokotala anati diso latsopano liziyamba ndi zinthu zofatsa, monga udzu ndi mitengo. Chinthu choyamba chimene apongozi anaona bwinobwino patatha zaka zinayi ndi matako a Dilamu, mbuzi itamudyera buluku. Anafuula kuti, "Ambuye Yesu, ndikuona!" Basi yonse inaomba m'manja.

2. Zikomo potisankhira filimu yosabisa kanthu. Ndodo ya maikolofoni imaoneka pamwamba ngati ikufuna kugwetsa mango. Munthu mmodzi yemweyo ndi wapolisi, ndi wansembe, ndiponso mayi wamasiye, ndipo ndevu sazichotsa. Mvula imagwa mbali imodzi ya sofa yokha, ndipo mukayang'anitsitsa muona phazi la wogwira paipi. Mawu amachedwa, moti munthu amamenyedwa mbama ali ku Katuba, kulira kwake kumadzamveka tikuyandikira Chisamba. Mawu otukwana aliponso ambiri. Ena sindinkawadziwa, ndipo ndikuda nkhawa kuti tsopano ndikuwadziwa.

3. Za mpweya woipa. Dilamu amauwononga kakhumi ndi kamodzi, ndinawerenga. Kasanu koyamba sikoseketsa konse, ndinamva manyazi ngati ndine ndachita. Kachisanu ndi chimodzi ndinakwiya. Koma kachisanu ndi chiwiri, bwana, pamene mbuzi imatsika pa sofa yokha, kupita pataliko ndi kumuyang'ana ngati mphunzitsi wamkulu, ndinaona kuti wopanga filimuyi ndi mfiti. Amakutopetsa dala kuti akakugwire utafooka.

Pano ndinene chilungamo, chifukwa sindikufuna kuti wina achotsedwe ntchito. Filimuyi ili ndi zabwino zake. Mbuzi ija imasewera kuposa anthu onse, ndipo ndi yokhayo m'filimu monse imene imaoneka kuti ili ndi kopita. Chinanso, Dilamu ndi Pensulo tonse timawadziwa. Chitsekereni mgodi kuno ku Kabwe, msewu uliwonse uli ndi sofa wake pansi pa mtengo. Mlamu wanga Elvis wakhala pa wake zaka zisanu ndi chimodzi akudikira foni ya ntchito. Awiriwa saba, samenya munthu, ndipo chitumbuwa chimodzi amagawana patatu, mbuzi kulandiranso gawo lake. Pali pamene Pensulo amafunsa kuti, "Nanga tikaimirira, tipita kuti?" Pamenepo basi yonse inakhala chete. Kenaka Dilamu anawononganso mpweya.

4. Zikomo chifukwa cha dalaivala wanu amene amaona dzenje akalipitirira. Ine ndinali nditadzigwira kuchokera ku Lusaka. Ndinaluma chipewa. Ndinanena Tikuoneni Maria kasanu ndi kawiri. Ana a sukulu a ku Mulungushi amene anakhala kumbuyo ankanena mawu onse a filimu asanatuluke, koma ine ndinalimba. Ndiye inafika mbali ija imene udzu wa kuseri kwa sofa wagwira moto, awiriwo akukangana kuti aimirire ndani, mpaka agwirizana zothawa ali chikhalire, kukankha sofa ndi matako pang'onopang'ono, mbuzi ili pakati. Ndinaphulika. Dzanja langa, lozolowera kuonera mpira ndi anzanga, linanyamuka lokha kukamenya mnzanga wa pambali. Chikwama chija chinali chitagwa kale pa dzenje la ku Liteta. Mnzanga wa pambali anali apongozi.

Ine ndikuti linagwera pa bondo. Amayi Janeth a m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, amene anakhala mpando wa tsidya lina, akuti pa ntchafu. Ndayeza ndi tepi pa mwendo wanga, kusiyana kwake ndi mainchesi anayi okha, koma m'mainchesi anayiwo muli moyo wanga wonse. Choopsa kwambiri n'chakuti apongozi anandibwezera. Anandimenya paphewa, misozi ili mbwembwembwe m'diso latsopano lija, nati, "Amwini, taonani mbuziyo!" Amenewo ndiwo mawu oyamba amene anandilankhula maso ndi maso chikwatirireni mwana wawo.

Tisanafike ndi kunyumba komwe, nkhani inali itafika kale kwa a Stanislaus, achimwene awo a apongozi, amene anali katekisiti zaka zambiri ndipo ndiwo amaweruza za banja. Anaimitsa phwando. Chigamulo chawo ndi ichi. Ngati filimuyo imatha alesi aja atalangidwa kapena atalapa, ndiye kuti ndi fanizo, ndipo dzanja loterereka pomvera fanizo likhoza kukhululukidwa. Koma ngati imatha monga inayambira, ndiye kuti ndi zolaula chabe, ndipo ine ndibwerere m'ngalande zaka zina khumi ndi zisanu ndi zinayi. Iwo akana kuionera. Akufuna ndikawauze mathero ake Loweruka lino, ndili ndi mboni. Kunama sindingathe, bwana, ndikanama ndimagwidwa ntchirikiro, ndipo banja lonse likudziwa.

5. Apa ndiye pali kuthokoza kwakukulu. Zikomo chifukwa cha lamulo lanu lanzeru losunga mafuta, loti basi ikangoima dalaivala azimitse injini. Injini ikazima tivi imazima, ndipo ikayakanso filimu imayambira pachiyambi. Potuluka mu Lusaka saiyatsa msanga, amadikira mlaliki wa m'basi amalize ulaliki ndi chopereka. Motero basi imalowa pasiteshoni ya Kabwe pa malo amodzimodzi tsiku lililonse: azakhali akubwera ndi mpini wa khasu, Pensulo wagwira m'mphepete mwa sofa, matako ake akwera pang'ono, mwina inchesi imodzi. Basi, mdima.

Ndakweranso katatu kufunafuna mathero. Ulendo woyamba ndinapitirira mpaka ku Kapiri Mposhi, osadziwa za injini ija, ndipo ndinangoonanso mbuzi ikudya buluku. Ulendo wachiwiri tinachedwa kumbuyo kwa malole, mtima wanga unadzaza chiyembekezo, koma basi inafera pa Chibombo. Tinakhala maola atatu padzuwa, nthawi yokwanira kuonera filimu yonse ndi kuibwereza, tivi ili chete ngati manda. Titakankha, inayamba pachiyambi. Ulendo wachitatu ndinapempha mlaliki kuti afupikitse, ndipo analalika za ine mpaka ku Katuba.

Ndinafunsa a Nkandu, amene ayenda ndi filimuyi zaka ziwiri. Anati, "Mudala, ine pa Kabwe nimakhala pansi, nitsitsa katundu." Ndinafunsa ana a ku Mulungushi aja. M'mafoni mwawo ali ndi tizidutswa ta mpweya tokhatokha, ndipo mmodzi anandiuza kuti, "Ankolo, mathero safunika, ni vaibu chabe." Vaibu sindikuidziwa, koma ndikukayika ngati a Stanislaus angailandire. Ku komboni ya Natuseko kuli munthu amene akuti Pensulo amaimirira n'kukhala phungu. Wina pamsika akuti mbuzi ndiyo imakwatiwa. Onsewa nditawapanikiza anavomera kuti anatsikira pa Kabwe. Ndayamba kuopa, bwana, kuti m'Zambia muno palibe amene anaona mathero a filimuyi. Ndayambanso kuopa kuti mathero kulibe, kuti opanga ake nawonso anati tikhaleko kaye.

Kunyumba zinthu sizili bwino. Lamulungu lapitali ansembe atati tiimirire timve Mthenga Wabwino, apongozi ananena mokweza kuti, "Tikhaleko kaye," ndipo azimayi a mzere wonse anagwa ndi kuseka, a Stanislaus akuyang'ana ine. M'mawa uliwonse apongozi amatumiza uthenga kudzera kwa Felistas wofunsa ngati mbuzi inafika. Felistas naye sakundilankhula bwino. Akuti zaka zonsezi sindinasekepo naye mpaka kumumenya pa bondo. Nkhuku za phwando zatsala zinayi. Imodzi inadyedwa ndi galu, ina ndi Elvis, amene pa nkhani ya nkhuku anaimirira.

Choncho ndikugwada, bwana, ndi pempho laling'ono. Sindikuti muchotse filimuyi, apongozi sangandikhululukire. Sindikutinso mukonze mabasi, chifukwa ndikudziwa kuti muli pamsonkhano. Ndikungopempha kuti Lachisanu lino, basi ya m'mawa ikafika pa Kabwe, mulole injini ilire mphindi khumi zokha. Ngati mafuta a mphindi khumi angagwetse kampani, ndibwera ndi anga m'botolo. Ndidzakhala pa 17, Amayi Janeth avomera kukhala mboni popeza maso awo ndi akuthwa kale. Ndipo ngati ulemu wanu ungalole, bwerani mudzakwere nafe, mudzaone kamodzi kokha zimene mumatipatsa. Mudzatenge apongozi anu, inu ndidzakusiyirani 17. Mpando 18 ndi wabwino, tivi ili pafupi, ndipo chikwama cha pakati ndikubwerekani.

Mpaka pano sindikudziwa ngati Pensulo anaimirira. Sindikudziwa ngati mbuzi inafika ku ukwati. Za bondo ndi ntchafu sizinagamulidwe, malaya a chitenje ali m'sutikesi, ndipo Loweruka kwatsala masiku anayi.

Ine wanu wokwera mokhulupirika,

Zacheus Njobvu,
wa pa mpando 17.