Madzi Oyera a ku Laini 6

Laini 6,
Thyolo.
17 Febuluwale 2003

Kwa a Manijala Aakulu a esiteti yathu,

Bwana,

Pepani, ine Teleza wothyola tiyi ndaba kanthawi kanu kuti ndithokoze. Tidadandaula kuti anthu opopera mankhwala amatsukira mapampu awo kumtunda kwa chitsime chathu, ndipo ana akutsegula m'mimba. Inu mudabwera nokha, nsapato zoyera mbee, mudatunga madzi m'tambula, n'kuwaunika padzuwa, n'kutiuza kuti simukuonamo kanthu. Mudawatayira pansi chifukwa mudalibe ludzu, tidamvetsa.

Madandaulo anga tsono ndi awa.

1. A Lackson, ophunzitsa sayansi ku sekondale, akusokoneza anthu. Tikuchokera ku tchalitchi pa Sabata anandiuza kuti chinthu chilichonse chidapangidwa ndi tizinthu totchedwa maatomu, tochepetsetsa moti diso silingatione. Akuti m'dontho limodzi la madzi muli maatomu ambiri kuposa masamba onse a tiyi a m'Thyolo muno, ndiye mankhwala atha kukhalamo madzi akuoneka oyera. Bodza lakelo! Ine ndinawauza kuti maso anu, bwana, sawadziwa. Inu mumaona tsamba lokhwima m'dengu langa muli m'galimoto, magalasi otseka. Atomu ingakuzembeni bwanji?

2. Mwana wanga Josiah ndi wamwano. Zaka zinayi zokha, koma akukana chigamulo chanu. Sabata yachitatu ino akungotsegulabe, ndipo watha, nthiti zikuwerengeka. Ndamuuza kuti abwana adati mulibe kanthu, iye osamva. Ndikuopa kuti ndimutaya, bwana, ndipo izi zokha sindikuseka.

3. Achule a pachitsimepo adafa onse tsiku limodzi. Nawonso mwina adamvera a Lackson.

Za kutikumbira mjigo sinditchula, ndikudziwa kuti kampani ili ndi zazikulu zoganiza. Pempho langa ndi laling'ono ngati atomu yomweyo. Popeza madzi onse ndi amodzi, tiloleni ife okhala m'nyumba za ku Laini 6 tizitunga pampopi wa kuseri kwa nyumba yanu, uja amasambitsirapo agalu. Ife tizikusenzerani a kuchitsime m'mawa uliwonse, ulere, kuti agaluwo azisamba ndi kumwa. Akatha mwezi ali bwino, ndidzapita ndekha kwa a Lackson kukawauza kuti asiye kunamiza ana a eni.

Ine wantchito wanu wosaona bwino,

Teleza, mayi wa Josiah